Masiku Asanu ndi Atatu a Mayi Idesi

Pa Boma la Chiradzulu mukafunsa za Idesi Mulipa, anthu amayamba akanda m'mutu. Koma mungoti "mayi a seva aja," ngakhale wakabaza akulozerani nyumba yawo kuseri kwa msika, mwinanso kukuperekezani osalipiritsa. Dzinalo sanachite kulipempha. Analigwirira ntchito, ndipo Lachisanu lina linawadanitsa ndi abale awo omwe.

Anabadwira kufupi ndi ku Mbombwe mu 1966, woyamba mwa atsikana awiri a bambo wina wokonza njinga. Sukulu analekezera folomu 2. Kenako anakaphunzira taipi ku Limbe, ndipo mu 1994 analowa ntchito ya utaipisiti pa bungwe lina loyendera odwala m'midzi, lomwe ofesi yake inali pa Boma pomwepo. Anali mayi wamfupi, wosaseka wamba, wokonda kuyankha funso ndi funso linzake. Zaka zonse zimene anataipa makalata a anthu, palibe amene anamvapo liwu la m'kalata likutuluka pakamwa pawo. Azimayi anzawo kumpingo anayesa kuwakumba mpaka anatopa, n'kumangoti a Idesi ndi odzimva.

Kompyuta yoyamba itafika, azibambo a mu ofesi ankaizungulira patali ngati galu wa eni. A Idesi ndiwo ankakhala nayo nthawi ya nkhomaliro, chimanga chootcha kudzanja lamanzere, kulakwitsa ndi kukonza, kulakwitsanso ndi kukonzanso. Choncho mu 2003, likulu la bungwe ku Blantyre litatumiza seva, panalibe zokambirana kuti makiyi a kachipinda kake asunge ndani.

Seva imeneyi linali bokosi lotuwa lofika m'bondo, ndipo analiika m'kachipinda momwe kale ankasungamo matayala a njinga. Makalata onse a imelo a bungwelo ankafikira mmenemo. Eni ake enieni a makalatawo anali alangizi khumi ndi asanu ndi atatu, anthu oyendera odwala khomo ndi khomo. Iwowa ankabwera pa Boma Lachisanu lokha, pa njinga, ena kuchokera kupitirira ku Nguludi. Ankasinthana pa makompyuta anayi, aliyense kulemba dzina lake ndi pasiwedi yake, n'kuwerenga mayina a odwala oti akawayendere ndi masiku olandirira mankhwala. Zaka zimenezo dzina la wodwala sichinali chinthu choseweretsa. Likangotuluka, banja limatha, ndipo wogulitsa mandasi amabwerera nawo kunyumba dengu lili lodzaza.

Vuto linali limodzi, koma lonyansa. Makalata anali m'bokosi muja, koma kaundula wa mapasiwedi anali ku Blantyre. Munthu akalemba pasiwedi, seva imayamba yafunsa ku Blantyre kudzera pa laini ya telefoni ngati munthuyo ndi woona. Tsono laini yathu ija, mvula ikangoti wa, imagona. Munthu wapalasa njinga makilomita makumi awiri m'matope, kalata yake ili kuseri kwa khoma lomwe watsamira, koma kuitsegula ayi. A Idesi ankawaona akubwerera chimanjamanja, ndipo zinkawawawa kwambiri.

Chimene chinawatsegula maso ndi logi, kaundula momwe seva imalembamo chilichonse chimene yachita ndi nthawi yake. Palibe amene ankaiwerenga, koma iwo ankaiwerenga m'mawa uliwonse. Tsiku lina anaona chodabwitsa. Laini inagwa hafu pasiti eyiti, koma a Kalinde, mkulu wa ofesi, anatsegulabe makalata awo isanakwane naini, pamene mlangizi wina, Timoti, anakanidwa nthawi yomweyo. Pofika teni koloko a Kalinde nawonso anakanidwa. A Idesi sanauze munthu. Anagula kope la masamu, n'kumalemba kwa masabata atatu kuti walowa ndani, liti, laini ili bwanji. Kenako anaimbira Aubrey, injiniya wa kulikulu amene anadzaika sevayo.

"Achimwene, seva yanuyi imakumbukira anthu, eti?"

Aubrey anadabwa. "Wakuuzani ndani, mayi?"

"Ndikanafunsa ndani kuno? Munthu akalowa laini ili bwino, imamulolabe kwa ola limodzi ngakhale laini itagwa. Ola likatha yamuiwala. Ndanama?"

Sananame. Aubrey anafotokoza kuti Blantyre ikangovomereza munthu, seva imasunga yankholo m'mutu mwake kuti isamavutike kufunsa kawirikawiri. Kutalika kwa kukumbukirako ndi nambala chabe yolembedwa mu fayilo ina, masekondi 3600.

"Anasankha nambalayo ndani?"

"Inabwera choncho."

"Amene anaipangawo amapita kuntchito pa njinga kamodzi pa sabata?"

A Idesi ankafuna masiku asanu ndi atatu. Osati asanu ndi awiri, chifukwa wobwera m'mawa Lachisanu lino akhoza kudzafika madzulo Lachisanu linalo, kaya tayala laphulika, kaya wadzera kumaliro. Aubrey anakana kwa mwezi wathunthu, ndipo tisamunyoze, anali ndi mfundo. Munthu akachotsedwa ntchito, Blantyre imafufuta dzina lake, koma seva ya ku Chiradzulu ikhoza kumamulolabe mpaka masiku aja atatha, mayina a odwala ali pamtetete. Pomaliza anabwera yekha pa minibasi, n'kuwaonetsa fayilo ija ndi lamulo limodzi loiiwalitsa seva. Lamulolo silinkasankha munthu. Ukalilemba, seva imaiwala onse nthawi imodzi. Kutseka bokosi la makalata la munthu mmodzi kunali m'manja mwa a ku Blantyre okha.

"Koma timvane, mayi," anatero Aubrey ali pakhomo. "Munthu wochotsedwa akadzalowa ngakhale kamodzi kokha, ndidzabwera kudzainyamula sevayi. Makalata onse azidzakhala ku Blantyre, inu mudzabwerera ku taipi."

"Ndamva."

Tsiku loyamba lomwelo a Idesi anaphonya, ndipo okha amaseka akamakamba. Mu fayilo muja munali manambala awiri ofanana, iwo n'kusintha onse kuwaika 691200, masekondi a masiku asanu ndi atatu. Sabata yotsatira kunabwera mlangizi watsopano, Sophie, amene anayesa kulowa Blantyre isanamulembe. Seva inamva kuti munthu wotere kulibe, n'kusunga zimenezo. Blantyre inamulemba masana omwewo, koma seva inakakamira kumukana masiku anayi, mtsikana mpaka kulira poganiza kuti ntchito yamukana. A Idesi ndi kope lawo anapeza kuti nambala yachiwiri ija inali ya kukumbukira kukana. Anaitsitsa kufika pa mphindi imodzi, n'kukapepesa kwa Sophie pamaso pa anthu.

Anaphunziranso zina. Magetsi akazima, zonse za m'mutu mwa seva zimapita, choncho anavutitsa a Kalinde mpaka anagula mabatire awiri akuluakulu, ndipo amene ankayerekeza kulumikiza ketulo pa soketi imeneyo ankamva mawu. Lachisanu lililonse m'mawa ankayamba ayesa laini. Ikakhala bwino, ankaiiwalitsa seva dala, kuti mlangizi aliyense afunsiridwe mwatsopano ku Blantyre ndipo masiku ake asanu ndi atatu ayambirenso. Ikakhala yakufa, sankakhudza kanthu, seva n'kulola anthu ndi zimene inasunga sabata yatha. Kwa zaka ziwiri, dzinja ndi chilimwe, palibe mlangizi amene anabwerera chimanjamanja. A Idesi sankadzitama ndi pakamwa, koma mayendedwe awo Lachisanu ankaoneka.

Chimodzi chokha chinawakanika. Alangizi anali ndi chizolowezi chotumana. Wina akadwala kapena akatanganidwa kumunda, ankalemba pasiwedi yake pa kapepala n'kupatsira mnzake wopita pa Boma, amvekere, "Mukandionereko." A Idesi analalata, anamata chidziwitso pakhoma, anang'amba timapepala tambirimbiri, koma anthu athu kutumana ali nako m'magazi. Pasiwedi ya munthu mmodzi inkapezeka m'matumba a anthu asanu.

Tsono mu February 2006 kunabwera nkhani ya a Lackson. Iwowa anali mlangizi wakale, komanso mwamuna wa Magdalena, mng'ono wawo wa a Idesi. Anali munthu wa pakamwa pokoma, ndipo ntchito ankaidziwa. Koma zinadziwika kuti ankatenga bambo wina wogulitsa mabotolo a mankhwala abodza n'kumamulozera makomo a odwala. Anawaimitsa ntchito Lolemba. Lachitatu Blantyre inafufuta dzina lawo, ndipo masana a tsiku lomwelo chimphepo chinagwetsera mtengo wa bulugamu pa laini. A Idesi palibe amene anawauza kanthu mpaka Lachinayi, pamene dalaivala anabwera ndi kalata ya papepala. Anaiwerenga ataimirira, kenako anatsegula logi. A Lackson analowa Lachisanu lapitalo. Seva inali kuwakumbukirabe mpaka Loweruka.

Masana a Lachinayi lomwelo Magdalena anawapeza pa sitepe ya kuseri kwa ofesi. Sanakhale pansi. Ankangopotokola nsonga ya chitenje, maso ali pa zala za kumapazi.

"Achemwali, andituma."

"Alamu?"

"Eya. Akuti Lachitatu lililonse kumabwera kalata ya mayina atsopano, ndiye ya dzulo ili m'bokosi mwawo. Akuti mawa muwalole mphindi zisanu zokha asindikize, basi. Akuti akudziwa kuti makinawo akuwalolabe."

"Mayinawo akufuna akatani nawo?"

Magdalena anapitiriza kupotokola chitenje chija.

"Iwe, ndakulera ndine. Pakhomo pako pakavuta ubwere, ufa tigawana. Koma ichi ayi."

"Ndiye ndikawauze kuti mwakana?"

"Ukawauze kuti ndakana."

Magdalena anatembenuka msangamsanga n'kumapita osatsanzika. A Idesi anamuyang'ana mpaka anakhota pa msika, mtima uli kuwawa, poganiza kuti mng'ono wawo wapsa mtima.

Lachisanu kunacha laini ili chigonere. A Idesi anafika seveni isanakwane, n'kupeza a Kalinde akuwadikira. Bambowa sanali oipa, koma ankaopa phokoso.

"Mayi Mulipa, tisapupulume. Lackson ndamuuza mlonda kuti asamulowetse. Mawa ndi Loweruka, sevayo imuiwala yokha."

"Lero ndi lachingati, bwana?"

"Lachisanu, koma..."

"Pasiwedi ya a Lackson ili m'matumba angati mwa anthu akubwerawa? Inu mukudziwa? Ine sindikudziwa."

"Ndiye muziwayang'anira akamalowa."

"Ndiime kumbuyo kwa munthu akuwerenga mayina a odwala? Makompyuta anayi, maso awiri? Ndikamadzaona mu logi, mayina atawerengedwa kale."

"Mukaiiwalitsa laini ili yakufa, palibe amene alowe. Anthu khumi ndi asanu ndi awiri abwerera, mayi."

"Ndikudziwa. Ndinaika ndine nambalayo."

Analowa m'kachipinda kaja n'kutseka chitseko. Zaka ziwiri za ulemu wawo zinali m'mutu mwa bokosi limenelo, ndipo ankamva kale mabelu a njinga panja. Analemba lamulo lija pang'onopang'ono, analiwerenga kawiri monga ankachitira ndi kalata iliyonse, n'kudina. Seva sinalire, sinachite chilichonse chooneka. Inangolemba mzere umodzi mu logi.

Anatuluka n'kukaima pakhonde, pomwe alangizi ankakolopola matope ku nsapato. Sanabise kanthu ndipo sananamizire laini.

"Lero palibe amene atsegule makalata. Seva ndaiiwalitsa ndine, dala, chifukwa muli dzina la munthu amene sakuyenera kulowa. Laini ikadzuka ndikutumizirani uthenga. Pepani."

Kunali phokoso. Timoti, amene anadzuka nkhuku zisanatsike, anaponya chipewa pansi. "Nkhani za kubanja kwanu tivutike nazo ife? Mukudziwa kumene ndachokera, mayi? Odwala anga ndikawauze chiyani?" Funso lomalizalo linawalasa, chifukwa linali loona. Anangoti ayendere odwala a pa mndandanda wakale kaye. Ena sanakhulupirire, analowa n'kukayesa okha pa makompyuta, mmodzimmodzi, ndipo onse anakanidwa. Pofika leveni koloko pabwalo panalibe njinga ngakhale imodzi. A Idesi nkhomaliro sanadye tsiku limenelo.

Laini inadzuka Lolemba masana, ndipo alangizi anapalasanso ulendo wachiwiri Lachiwiri, ambiri osawapatsa moni. Lachitatu kunafika Aubrey, nkhope ili gwa, atamva kuti ku Chiradzulu kwavuta. A Idesi sanadziteteze. Anamutsegulira logi ya Lachisanu n'kumupatsa mpando. Aubrey anatsika ndi chala mpaka anaima. Nthawi ya 9:40, pa kompyuta yachitatu, wina analemba dzina la a Lackson ndi pasiwedi. Anayesa katatu, ndipo katatu konse seva inakana.

"Anakhala pamenepo ndani?" anafunsa Aubrey.

"Logi yalemba dzina la munthu?"

"Ayi."

"Ndiye inenso sindilemba."

A Idesi ankamudziwa munthuyo, koma mpaka lero sanamutchule. Aubrey anapempha kope la masamu lija, n'kukopera manambala awiri aja ndi ndondomeko ya Lachisanu m'mawa. Chaka chisanathe maofesi ena awiri a bungwelo ankayendera zomwezo, ndipo akasokonezeka ankaimbira ku Chiradzulu, osati ku Blantyre. Seva inakhala m'kachipinda kake. Chizolowezi cha timapepala nacho chinachepa chokha, popeza aliyense anali atamva za 9:40.

Kunyumba ndiye kunalibe chowombera m'manja. A Lackson anafalitsa kuti mlamu wawo ndiye anawachotsetsa ntchito, ndipo achibale ambiri anakhulupirira. Pa maliro a amalume awo ku Mbombwe azimayi anawasiya okha pa mphasa. Magdalena sanapondenso pakhomo pawo, ngakhale pa Khirisimasi. A Idesi ankati akamuona patali pa msika, ankayamba kusankha tomato amene sakumufuna, kuti mng'ono wawo adutse osachita manyazi. Ankamusowa koopsa, koma sanapite kukapepesa, chifukwa sankaona chimene analakwa.

Panatha chaka ndi miyezi itatu. Lachisanu lina m'mawa, m'mwezi wa May, anapeza Magdalena atakhala pa sitepe ija ya kuseri, atafunda chitenje chifukwa cha chisanu. Anali atanenepako, nkhope yowala. Anasendera kuti achemwali ake akhale.

"Ndabwera kudzakuuzani chinthu, achemwali. Musandidule."

A Idesi anakhala.

"Bambo a kunyumba atawaimitsa Lolemba lija, ine Lachiwiri ndinapita kukayezetsa magazi. Ndinali nditadikira chaka chonse, chifukwa mayina a dera lathu ankafikira kwa iwo. Ndinati tsopano sawaonanso. Anandipeza nako kachilombo. Kenako Lachinayi akundiuza kuti kalata ya mayina atsopano yalowabe m'bokosi mwawo, ndipite ndikakupempheni." Anawayang'ana achemwali ake m'maso. "Dzina langa linali m'kalata imeneyo."

A Idesi anagwira pakamwa.

"Kukana kubwera sindikanatha, akanandifunsa chifukwa. Ndinaima pano ndikukupemphani ndi pakamwa, mumtima ndikupemphera kuti mukane. Mutakana ndinathawa, chifukwa ndikanagwa pansi pomwe pano. Pambuyo pake bambo a kunyumba anandiletsa kubwera kwanu, ndipo inenso ndinalibe nkhope yokuonerani. Ndinadzawauza ndekha, pa tsiku langa, ndi pakamwa panga, pali mlangizi. Sanakamvere pa pepala pamodzi ndi wamabotolo uja. Pano tonse tikumwa mankhwala enieni."

"Mwana iwe," anatero a Idesi. "Bwanji sunandinong'oneze? Chaka chonsechi?"

"Ndikanakuuzani, mukanakana chifukwa cha ine. Koma ine ndinkadziwa kuti simufunika kuuzidwa. Munakana musakudziwa kuti muli dzina la ndani."

Mayi amene anthu a pa Boma sanawaonepo akugwetsa msozi, ngakhale pa maliro, analira pa sitepe imeneyo mpaka mpango unagwa. Analira ndi chisoni, komanso, anadzavomera okha pambuyo pake, analira ndi kunyada. Magdalena anawatolera mpangowo n'kuwamanga bwinobwino.

Kutsogolo kwa ofesi kunamveka belu la njinga yoyamba. A Idesi anapukuta m'maso, anatulutsa makiyi m'chikwama, n'kugwira mng'ono wawo pa dzanja.

"Usachoke. Ndikayese kaye laini, anthu afika."